Mboni za Choonadi ndi Amalonda Achinyengo: Mbiri ya Magazini a Anthu Ophunzira

Pakati pa miyambo imene anthu a maphunziro akuya amaisunga, palibe wina wolemekezeka kuposa uwu, wakuti munthu akafufuza kanthu, kaya ndi nthenda ya ana, kaya ndi chonde cha m'nthaka, kaya ndi kayendedwe ka nyenyezi, sathamangira kukalengeza pagulu kuti wapeza choona, koma amayamba walemba zonse mwa ndondomeko yake, nazipereka kwa mkonzi wa magazini ya akatswiri, amenenso amazitumiza kwa anthu ena odziwa ntchito yomweyo kuti aziyese, azitsutse, ndipo ngati kuli koyenera azikane. Mwambo umenewu, umene m'masukulu a ukachenjede umadziwika ndi dzina lakuti peer review, sudakhazikike m'mbadwo umodzi. Udakula pang'onopang'ono kwa zaka mazana atatu, ndipo pamene udafika pokhwima, ndi pamenenso padabuka anthu a mtima wa ndalama, amene adaphunzira kuonetsa zizindikiro zake zonse popanda kugwira ntchito yake. Amene afuna kulekanitsa magazini yoona ndi yonyenga ayenera kuyamba wamva kumene mwambowu udachokera, pakuti wosadziwa chimene chinthu adachipangira sangathe kuzindikira pamene chaonongeka.

Kale lomwe, magazini asanabadwe, anthu anzeru a ku Ulaya ankadziwitsana zimene apeza polemberana makalata, ndipo kalata ya munthu mmodzi inkayenda m'manja mwa ambiri, ikukopedwa ndi kutumizidwa kutali. Koma kalata inkatha kusokera, ndiponso anthu ankakangana kawirikawiri pa funso lakuti adayamba kutulukira chinthu ndani. M'mwezi wa Januwale chaka cha 1665, Denis de Sallo adatulutsa mumzinda wa Paris magazini yotchedwa Journal des sçavans, ndipo patangopita miyezi iwiri, pa 6 Malichi, Henry Oldenburg, mbadwa ya ku Bremen amene adali mlembi wa bungwe la Royal Society ku London, adatulutsa Philosophical Transactions, imene ikusindikizidwabe kufikira lero lino. Oldenburg adali munthu wa makalata ochuluka ndi wodziwa zilankhulo zambiri. Ankalandira nkhani kuchokera kwa akatswiri a maiko osiyanasiyana, kuzimasulira, kulemba tsiku limene zafika kuti mwini wake asalandidwe ulemu, ndi kusankha zoyenera kusindikiza. Ntchitoyi adaigwira ndi thumba lake, phindu lake lili lochepa, ndipo m'chaka cha 1667, nkhondo ili mkati pakati pa England ndi Holland, adatsekeredwa kwa kanthawi m'ndende ya Tower of London, pomuganizira kuti makalata ake akunjawo adali aukazitape.

Chimene chidachitikira Antonie van Leeuwenhoek m'masiku amenewo chionetsa bwino mtima umene udabala mwambo wonsewu. Iyeyu adali wamalonda a nsalu mumzinda wa Delft, wosapitako ku sukulu ya ukachenjede, wosadziwa Chilatini chimene ophunzira a nthawiyo ankalembera, koma waluso lodabwitsa popanga timagalasi tokuza zinthu. M'chaka cha 1676 adalembera bungwe la ku London kuti m'madzi amene adaviikamo tsabola adaonamo tizilombo tamoyo tosawerengeka, tating'ono koposa chilichonse chimene diso la munthu lidaonapo. Akuluakulu a bungwe adakayika, monga kudali koyenera, ndipo m'malo moitaya nkhaniyo kapena kuimeza yosatafuna, adafuna umboni. Leeuwenhoek adaitana anthu omveka, ena a iwo abusa a mpingo, kuti asuzumire okha m'magalasi ake ndi kulemba zimene aona. Komabe mlandu sudathe kufikira Robert Hooke, m'mwezi wa Novembala 1677, adaviika tsabola wakewake ku London, naona tizilombo tomweto, nationetsa kwa anzake. M'chaka cha 1680 wamalonda a nsalu uja adalandiridwa kukhala membala wa bungwe. Pamenepa pali phata la nkhani yonse: mawu a munthu mmodzi, angakhale wanzeru chotani, sakhazikika kufikira ena atawayesa, ndipo oyesawo ayenera kukhala anthu odziwika maina, amene akavomereza bodza manyazi amagwera iwo.

Kwa zaka pafupifupi makumi asanu ndi anayi magazini ya ku London ija idali m'manja mwa mlembi mmodzi pa nthawi imodzi, ndipo pamene anthu adayamba kunyoza bungwe chifukwa cha nkhani zina zachabe zimene zinkalowamo, bungwe lidailanda m'chaka cha 1752, nkukhazikitsa komiti yoti iziponya voti pa nkhani iliyonse isanapite kwa wosindikiza. Koma komiti yomva chidule cha nkhani ndi kuponya voti sikanatha kulowa mkatikati mwa masamu ndi mankhwala. Chotero m'chaka cha 1831 William Whewell wa ku Cambridge adapereka maganizo akuti nkhani iliyonse iziperekedwa kwa akatswiri a phunziro lake kuti alembe lipoti, ndipo chaka chotsatira bungwe lidayamba kutero. George Gabriel Stokes, amene adali mlembi kuyambira 1854 kufikira 1885, adathera mphamvu zake zambiri pa ntchito yosaoneka ndi maso imeneyi, ya kutumiza nkhani kwa ounika, kubweza ndemanga zawo kwa olemba, ndi kuwapempha kuti akonze. Mutu umodzi susenza denga. Ndipo ulemu umene magazini akale ali nawo lero udamangidwa ndi anthu otere, amene ankawerenga zolemba za anzawo popanda malipiro.

Sitinganene kuti bwalo limeneli silidalakwe. Edward Jenner atapereka m'chaka cha 1797 lipoti lake loyamba la katemera wa nthomba, bungwe silidalilandire, ndipo iye adaonjeza umboni nasindikiza kabuku kake payekha m'chaka cha 1798. John James Waterston, amene ankaphunzitsa ku Bombay, adatumiza m'chaka cha 1845 nkhani yofotokoza kutentha kwa mpweya ndi kuthamanga kwa tizigawo take. Ounika adaikana, ndipo idagona m'nkhokwe ya mapepala kufikira Lord Rayleigh adaifukula naisindikiza m'chaka cha 1892, mwini wake atachoka kale m'dziko la amoyo. Zolakwa zimenezi n'zowawa, ndipo zitikumbutsa kuti oweruza nawonso ndi ana a anthu. Koma tionetsetse mtundu wake wa kulakwako. Adalakwa pokana chimene chidali choona, chifukwa adali ndi mphamvu ya kukana ndipo ankaigwiritsa ntchito. Nthenda ya masiku athu ndi yosiyana kotheratu, pakuti ndi ya magazini amene sadziwa kukana chilichonse.

Ngakhale Albert Einstein adadabwa atakumana ndi mwambowu. M'chaka cha 1936, iye ndi Nathan Rosen adatumiza ku magazini ya Physical Review ku America nkhani yonena kuti mafunde a mphamvu yokoka, imene imagwetsa zinthu pansi ndi kuyendetsa maiko m'mlengalenga, kulibe. Mkonzi, John Tate, adaitumiza kwa wounika, amene pambuyo pake adadziwika kuti adali Howard Percy Robertson, ndipo iyeyu adapeza cholakwa m'masamu ake. Einstein adapsa mtima kuti nkhani yake yaonetsedwa kwa munthu wina isanasindikizidwe, naichotsa. Koma isanatuluke m'magazini ina chaka chotsatira, adazindikira kuti adaphonya, nasintha mathero ake. Mafunde amenewo adayesedwa ndi makina m'chaka cha 2015. Wakutsina khutu ndiye mnansi: wounika wosatchulidwa dzina uja adafuna kupulumutsa munthu wamkulu koposa ku cholakwa chachikulu. Nkhaniyi itiphunzitsanso kuti mwambowu udachedwa kufalikira, pakuti ngakhale magazini yotchuka ya Nature, imene idayamba m'chaka cha 1869, idasindikiza nkhani ya Watson ndi Crick ya 1953 popanda kuitumiza kwa ounika akunja, ndipo lamulo lakuti nkhani iliyonse ya kafukufuku iziunikidwa lidakhazikika kumeneko m'chaka cha 1973.

Kuno kwathu mwambo wa magazini otere udafika m'nthawi ya atsamunda. Bungwe la Nyasaland Society, limene lidayamba m'chaka cha 1946, lidatulutsa Nyasaland Journal m'chaka cha 1948, ndipo dziko litalandira ufulu magaziniyi idasintha dzina m'chaka cha 1965 nkukhala Society of Malawi Journal. M'chaka chomwecho Yunivesite ya Malawi idalandira ophunzira ake oyamba, ndipo pamodzi ndi yunivesite lidadza lamulo limene likugwira ntchito m'masukulu a ukachenjede a dziko lonse lapansi, lakuti mphunzitsi sakwezedwa pa udindo chifukwa cha kuphunzitsa kokha, koma chifukwa cha nkhani za kafukufuku zimene wasindikiza. Lamuloli lidali ndi cholinga chabwino, chakuti wophunzitsa ena asaleke kuphunzira. Koma pamene chiwerengero cha nkhani chisanduka muyeso wa munthu, njala ya kusindikiza imakula, ndipo pali njala sipachedwa kufika amalonda.

Mmodzi wa oyamba kuona bwino kuti m'nzeru za akatswiri muli chuma chambiri adali Robert Maxwell, amene adakhazikitsa kampani ya Pergamon Press ku Britain m'chaka cha 1951. Nkhondo yachiwiri itatha, maboma ankathira ndalama zochuluka m'kafukufuku, maphunziro ankagawikana m'nthambi zatsopano, ndipo Maxwell ankayendera misonkhano ya akatswiri, kuwachereza mwaulemu ndi kuwapempha kuti akhale akonzi a magazini atsopano, kufikira magazini ake adakwana mazana angapo. Malondawa adali odabwitsa: wolemba sankalipidwa, wounika sankalipidwa, koma nyumba za mabuku za mayunivesite zinkakakamizika kugula magazini iliyonse pa mtengo umene wosindikiza wanena, popeza nkhani ya m'magazini imodzi sipezeka m'magazini ina. M'chaka cha 1991 Maxwell adagulitsa Pergamon kwa kampani ya Elsevier pa mtengo wa mapaundi 440 miliyoni. Mitengo idakwera chaka ndi chaka, kotero kuti ngakhale mayunivesite olemera adayamba kudandaula; ndipo m'maiko ambiri a mu Africa, kumene ndalama zidagwa mphamvu m'zaka za m'ma 1980, nyumba za mabuku zidaleka kulandira magazini atsopano, aphunzitsi natsala ndi mabuku akale.

Magazini atachuluka chotero, padafunika njira yodziwira ofunika kugula. Eugene Garfield wa ku Philadelphia adapereka maganizo m'chaka cha 1955 akuti kufunika kwa nkhani kungaoneke powerenga kuti yatchulidwa kangati m'zolemba za akatswiri ena. M'chaka cha 1964 adatulutsa kaundula wa Science Citation Index, ndipo kuyambira 1975 bungwe lake lidayamba kufalitsa chaka ndi chaka nambala yotchedwa impact factor. Kawerengedwe kake n'kosavuta: amatenga nkhani zimene magazini idasindikiza m'zaka ziwiri zapitazo, nawerenga kuti zatchulidwa kangati chaka chino, nagawa ndi chiwerengero cha nkhanizo. Garfield adaipanga kuti ithandize posankha magazini, ndipo iye mwini adachenjeza kuti si muyeso woyenera kuyesera munthu. Koma akuluakulu a mayunivesite adaikonda chifukwa n'kwapafupi kuona nambala kusiyana ndi kuwerenga nkhani. Kuyambira pamenepo chiweruzo chimene kale chinkafuna maso ndi nzeru chidayamba kuperekedwa kwa zizindikiro, ndipo chizindikiro chilichonse chimatheka kuchikopera.

Intaneti itafika, anthu a mtima wabwino adaona mpata womasula nzeru ku mitengo yoboola m'thumba. Ku Brazil kudabadwa nkhokwe ya magazini aulere yotchedwa SciELO kumapeto kwa zaka za m'ma 1990. M'chaka cha 1998 idayamba African Journals Online. M'chaka cha 2002 chikalata cha ku Budapest chidalengeza kuti zotsatira za kafukufuku ziyenera kuwerengedwa ndi aliyense kwaulere, ndipo chaka chomwecho bungwe la zaumoyo la WHO lidatsegula HINARI, kuti madokotala a maiko osauka aziwerenga magazini a zachipatala. M'chaka cha 2003 yunivesite ya Lund ku Sweden idayamba kaundula wa magazini aulere wotchedwa DOAJ. Zonsezi zidali dalitso lalikulu, makamaka kwa ife. Koma ntchito ya kusindikiza imafuna ndalama, ndipo osindikiza ena, monga BioMed Central ndi PLOS, adasankha kuti m'malo mwa wowerenga azilipira ndi wolemba nkhani ikavomerezedwa. Iwo adasunga mwambo wa kuunika mokhulupirika. Komabe walira mvula walira matope. Pamene wolipira adali wowerenga, wosindikiza ankaopa kugulitsa zachabe. Pamene wolipira adakhala wolemba, nkhani iliyonse yokanidwa idasanduka ndalama yotayika, ndipo munthu wopanda chikumbumtima adazindikira kuti ndi kompyuta imodzi ndi akaunti ya kubanki angathe kutsegula magazini zana m'chipinda chake chogona.

Amene adatchula nthendayi poyera adali Jeffrey Beall, woyang'anira nyumba ya mabuku pa University of Colorado Denver. Iye adaona kuti akulandira maimelo ochuluka omuitana kuti atumize nkhani kapena akhale mkonzi wa magazini osadziwika, ndipo m'chaka cha 2010 adawatcha osindikiza amenewa predatory publishers, powafanizira ndi zilombo zolusa. Ankasunganso poyera mndandanda wa maina awo. Machitidwe awo adali ofanana kulikonse. Amatenga dzina lomveka ngati la magazini yotchuka, nalitchula la ku America kapena la dziko lonse pamene ofesi yake sidziwika. Amalemba maina a mapulofesa monga akonzi, eni ake osadziwa. Amatamanda wolemba ndi mawu okoma, nalonjeza kusindikiza m'masiku ochepa. Amadzipatsa impact factor yogula kwa makampani ena achinyengo. Ndipo mtengo amaubisa kufikira nkhani itavomerezedwa, pamene wolemba akafuna kuichotsa amamuuza kuti alipirenso. Chikomekome cha mkuyu, mkati muli nyerere.

Kukula kwa chinyengochi kudaonekera poyera m'mwezi wa Okutobala 2013, pamene mtolankhani John Bohannon adafalitsa m'magazini ya Science zotsatira za msampha umene adatchera. Adapeka nkhani yonena kuti mankhwala ochokera ku ndere zomera pamiyala ndi pamitengo amaletsa kukula kwa khansa, naikamo dala zolakwa zoti wodziwa ntchito aliyense angazione msanga, naitumiza ku magazini 304 olipiritsa olemba. Magazini 157 adaivomereza, 98 adaikana, ndipo otsalawo sadapereke chigamulo. Pakati pa ovomereza padali ngakhale magazini ena a makampani akuluakulu monga Elsevier ndi Sage, pamene PLOS ONE idaikana. Pali mbali ina ya nkhaniyi imene iyenera kutikhudza ife a kuno: Bohannon adapeka maina a olemba omveka ngati a mu Africa, ndi masukulu opeka a m'mizinda ya mu Africa, poganiza kuti mkonzi akalephera kuwapeza pa intaneti sadabwa. Izi zionetsa m'mene dzina la wofufuza wa kuno limaonekera kunja, ndiponso chifukwa chake tiyenera kulisamala koposa anzathu.

Ofufuza a ku Poland adatchera msampha wina m'chaka cha 2015. Adapeka mayi wotchedwa Anna O. Szust, wopanda nkhani ngakhale imodzi m'magazini yodziwika, namupemphera udindo wa ukonzi ku magazini 360. Magazini 48 adamlandira, 40 mwa iwo a pa mndandanda wa Beall, ndipo ena adampatsa mpando wa mkonzi wamkulu. Pamapeto pake nkhani ya osindikiza achinyengo idafika ku bwalo la milandu. Kampani ya OMICS ya ku Hyderabad m'dziko la India, imene m'chaka cha 2013 idaopseza Beall kuti idzamsumira madola 1 biliyoni, idasumiridwa m'chaka cha 2016 ndi bungwe la boma la America loteteza ogula, Federal Trade Commission. Ndipo m'chaka cha 2019 khoti la ku Nevada lidagamula kuti kampaniyo ilipire madola 50.1 miliyoni, litapeza kuti idanama za kuunika nkhani, za akonzi ake ndi za impact factor, kuti inkabisa mitengo, ndi kuti inkaitanira anthu ku misonkhano potchula akatswiri amene sadavomere kukalankhula.

Wina angafunse kuti kodi choipa n'chiyani ngati munthu walipira ndalama zake nasindikiza nkhani yake. Cenyu Shen ndi Bo-Christer Björk a ku Finland adawerengera kuti nkhani za m'magazini otere zidakwera kuchoka pa 53,000 m'chaka cha 2010 kufika pa 420,000 m'chaka cha 2014. David Moher ndi anzake a ku Ottawa adasanthula nkhani 1,907 za zachipatala za m'magazini okayikitsa, napeza m'chaka cha 2017 kuti zidali ndi zotsatira za anthu oposa 2 miliyoni ndi nyama zoposa 8,000, ndiponso kuti oposa theka la olemba adali a maiko olemera ndi olemererako. Chotero nthendayi si ya osauka okha. Anthu amene adapereka magazi awo ndi nthawi yawo adatero pokhulupirira kuti athandiza odwala a mawa, koma thukuta lawo lidakwiriridwa pamalo pamene palibe angalikhulupirire. Nkhani ya m'magazini yolusa ili ngati ukwati wopanda ankhoswe: masiku a mtendere umaoneka ngati ukwati wina uliwonse, koma likadza tsiku la mlandu palibe wokhala pabwalo kuuyankhira. Palibe wokonza cholakwa, palibe wochotsa bodza, ndipo tsamba lake likafa pa intaneti ntchito ya zaka zambiri imafera pomwepo.

Anthu ambiri adaganiza kuti mankhwala a nthendayi ndi mndandanda, wa oipa kapena wa abwino. Koma mbiri yaonetsa kuti mndandanda ndi wothandiza chabe, si woweruza. Wa Beall udali chigamulo cha munthu mmodzi, ndipo ambiri adadandaula kuti ankafulumira kukayikira osindikiza a maiko osauka. M'chaka cha 2015 adafanizira SciELO ndi midzi ya zisakasa ya ku Brazil, akatswiri a kumeneko nakwiya ndi chifukwa chomveka. M'mwezi wa Januwale 2017 adauchotsa mndandanda wake pa intaneti. DOAJ idakhwimitsa malamulo ake m'chaka cha 2014, ndipo m'chaka cha 2016 idafufuta magazini pafupifupi 3,300 amene sadalembetsenso. Ku South Africa, kumene boma limapereka ndalama kwa yunivesite pa nkhani iliyonse yotuluka m'magazini ovomerezedwa, Johann Mouton ndi Astrid Valentine adapeza nkhani 4,246 za pakati pa 2005 ndi 2014 m'magazini 48 okayikitsa, zimene adaziyerekeza kuti zidadya marandi pakati pa 100 miliyoni ndi 300 miliyoni. Ndipo magaziniwo adalowera pa mindandanda imene boma lidaikhulupirira. Achifwamba ena amaba dzina la magazini yoona, monga adachitira ndi Bothalia ya ku South Africa komweko, namanga tsamba labodza lolandirira ndalama. Ngakhale dzina lalikulu silitchinjiriza: kampani ya Wiley itagula Hindawi m'chaka cha 2021, idakakamizika kuchotsa nkhani zoposa 8,000 m'chaka cha 2023, zambiri zopekedwa ndi makampani ogulitsa nkhani zabodza.

Pozula namsongole tisamale kuti tingazule ndi tirigu yemwe. Magazini ambiri a mu Africa ndi aang'ono, amatuluka mochedwa, masamba awo a pa intaneti si okongola, ndipo alibe impact factor. Koma umphawi si chinyengo. Malawi Medical Journal ya ku Blantyre, imene imayendetsedwa ndi sukulu ya udokotala pamodzi ndi bungwe la madokotala a m'dziko muno, idalowa m'chaka cha 2004 m'ubale wa African Journal Partnership, m'mene idagwirana manja ndi magazini ya JAMA ya ku America. Idalimbikira kukonza kaunikidwe kake kufikira idalandiridwa m'kaundula wa MEDLINE, ndipo lero dokotala wa ku Nsanje kapena ku Chitipa angaiwerenge kwaulere. African Journals Online, imene likulu lake lili ku Makhanda m'dziko la South Africa, imasunga magazini oposa 500, ndipo kuyambira 2017 idayamba pamodzi ndi bungwe la INASP kuwayesa ndi kuwapatsa nyenyezi molingana ndi kayendetsedwe kawo. Mphunzitsi amene anyoza magazini ya kwawo yokhala ndi akonzi odziwika, nakalipira madola kwa mlendo wosaoneka nkhope chifukwa dzina lake likumveka lakunja, wasiya njira yoongoka yekha.

Nanga wofufuza achite chiyani? M'chaka cha 2015 mabungwe a osindikiza ndi a nyumba za mabuku adayambitsa uphungu wotchedwa Think. Check. Submit., ndipo m'chaka cha 2019 akatswiri 43 a maiko 10 adakumana ku Ottawa nagwirizana kuti magazini yolusa ndi imene imaika phindu lake patsogolo pa maphunziro, imanama, imabisa machitidwe ake, ndipo imasaka olemba mosasankha. Uphungu wonsewu ubwerera ku mafunso a m'masiku a Oldenburg: kodi mboni zake ndani, ndipo kodi magaziniyi ikhoza kukana? Wofufuza aone maina a akonzi, alembere mmodzi wa iwo kudzera pa adiresi ya yunivesite yake ndi kumfunsa ngati akuidziwa magaziniyo. Magazini ikanena kuti ili mu Scopus, DOAJ kapena MEDLINE, apite yekha ku kaundulayo akaione, natsimikize kuti tsamba lake ndi lomwelo. Adziwe kuti impact factor yeniyeni imachokera ku kampani ya Clarivate, ndi kuti nambala ya ISSN kapena kupezeka mu Google Scholar si umboni wa ubwino. Aone masiku a pakati pa kulandira nkhani ndi kuivomereza, aone ngati mtengo walembedwa poyera, aone ngati magaziniyo idachotsapo nkhani yolakwika. Afunse woyang'anira nyumba ya mabuku. Ndipo koposa zonse awerenge yekha nkhani ziwiri kapena zitatu za m'phunziro lake. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Koma muzu wa mlanduwu suli mwa wofufuza wachinyamata yekha, amene kawirikawiri amagwa chifukwa chosowa womulangiza, kapena chifukwa tsiku lomaliza digiri lamuyandikira. Muzu uli mwa ife amene tidazolowera kuwerenga chiwerengero cha nkhani m'malo mowerenga nkhanizo. Akonzi ndi akatswiri amene adakumana ku San Francisco m'chaka cha 2012 adalemba chikalata chotchedwa DORA, chopempha kuti kafukufuku aziyesedwa ndi zimene zili mkati mwake, osati ndi nambala ya magazini m'mene watuluka. Chotero inu akuluakulu amene mumakhala pa makomiti okweza aphunzitsi, pemphani munthu nkhani zake zochepa zimene iye aziyesa zabwino, muziwerenge ndi maso anu. Inu mapulofesa, khalani pansi ndi ophunzira anu asanatumize nkhani yawo yoyamba, ndipo magazini a kwathu akakupemphani kuunika nkhani, musakane, pakuti ulemu wawo udzamangidwa ndi ntchito yanu monga wa ku London udamangidwa ndi ntchito ya Stokes. Ndipo inu ofufuza achinyamata, nkhani yanu ikabwezedwa ndi ndemanga zowawa, musataye mtima ndi kuthamangira kwa wolonjeza kusindikiza sabata yomweyo. Ikonzeni, muitumizenso, pakuti nkhani imodzi imene yayesedwa ndi kuima idzakupatsani dzina labwino kuposa khumi zogula.